Kanopi ya faiba pa Hilux: mvula imatchinga, koma kutentha imasunga mkati

Ngati vuto lanu ndi mvula ndi akuba, kanopi ya faiba yovindikira kumbuyo kwa pikiyapu, ija ya mawindo otsetsereka m'mbali ndi chitseko chagalasi kumbuyo, ndi yoyenera ndalama zake. Ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo imakiyidwa. Pamene imalephera ndi padzuwa.

Mu Okutobala ndi Novembala, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40. Galimoto yotsekedwa ikaima padzuwa ola limodzi, mpweya wamkati umaposa wakunja ndi madigiri pafupifupi 20, ndiye kuti kumbuyo kwa pikiyapu kungafike 60. Dzuwa limalowera pa magalasi n'kutenthetsa chitsulo ndi katundu, koma mpweya wotenthawo ulibe potulukira. Kanopi yakuda ndiye imanyanya, chifukwa denga lake limamwa dzuwa n'kumawotcha kuchokera pamwamba. Pansi naponso pali moto wake: paipi ya utsi imadutsa kunsi kwa bodi, ndipo mukakwera mtunda wochokera ku Thabwa kupita ku Blantyre mutanyamula katundu wolemera, mbali imeneyo imatentha kwambiri.

Zitini zopopera, monga za mankhwala a udzudzu ndi penti, zimalembedwa kuti zisafike madigiri 50, chifukwa zingaphulike. Chigubu cha petulo chimafufuma n'kuyamba kutulutsa nthunzi, ndipo nthunzi imeneyo m'malo otsekedwa imangodikira kamoto kakang'ono. Silinda ya gasi isamasiyidwemo n'komwe. Insulini, mankhwala a matenda a shuga, siyenera kudutsa madigiri 30, katemera wa chitopa amafuna kuzizira, ndipo mbewu ya soya ikapsa chonchi siimera bwino. Anapiye, galu, makamaka mwana, musawatsekeremo ngakhale mukungolowa m'sitolo.

Pogula, sankhani yoyera. Mawindo akhale ndi nsefa ndi zitsulo zotchingira, kuti muziwasiya otsegula pang'ono mbali zonse ziwiri mukaima. Funsani ngati ili ndi kabowo kolowetsa mpweya padenga, koyang'ana kutsogolo. Kabowoka kamachepetsanso fumbi, chifukwa kanopi yopanda kabowo imayamwa fumbi kudzera m'mipata ya chitseko chakumbuyo mukamayenda pamsewu wadothi. Kunsi kwa denga matanipo siponji yokhala ndi nsalu yonyezimira, koma mugwiritse guluu wopirira kutentha. Guluu wamba amafewa, siponjiyo n'kulendewera. Pansi yalani pulayiwudi ya mamilimita 12, ndipo bokosi la ayezi liikeni kutali ndi mbali ya paipi ya utsi.

Zonsezi zimangochepetsa kutentha. Mukaima masana padzuwa, palibe chimene chingafanane ndi mthunzi. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yapamwamba, kaikeni pakati pa katundu, osati pagalasi, muwerenge madzulo musanayambe kunyamuliramo mankhwala kapena mbewu.