Kanyumba ka galu ka matabwa a paini: zimene ndaona pa miyezi khumi ku Zomba

Kanyumba aka ndinakagula mu Meyi chaka chatha kwa mmisiri wina wa matabwa amene amakhoma zitseko ndi mipando m'mbali mwa msewu wa ku Chinamwali, ndipo chimene chinandichititsa kugula chinali mkangano wa m'nyumba mwathu. Tili ndi kagalu kaubweya woyera kotchedwa Fifi, kolemera makilogalamu 4 okha, kamene tinapatsidwa ndi achemwali anga pamene ankasamukira ku Lilongwe. Bambo a kunyumba anakula akudziwa kuti galu malo ake ndi panja, ndipo kumuona Fifi atadzipinda pa mpando wa pabalaza kunkawawawa mtima tsiku lililonse. Tinagwirizana kuti ngati papezeka pogona pabwino, potetezeka ku mvula ndi mphepo, Fifi azigona pabwalo monga agalu ena onse a m'dera lathu. Ndalemba ndemanga iyi kanyumbako katadutsa m'nyengo zonse zitatu, yozizira, yotentha ndi yadzinja, chifukwa chinthu cha matabwa sichiweruzidwa tsiku limene chachoka kwa mmisiri vanishi akunyezimira.

Pa luso la manja ndilibe dandaulo. Amisiriwo anagwiritsa ntchito paini wa m'phiri la Zomba lomweli, matabwa anapalidwa bwino moti panalibe kachitsotso kobaya, ndipo misomali yonse inakhomedwa mpaka mitu kulowa mkati. Pansi pake anakweza ndi miyendo inayi yotalika masentimita 15, chinthu chimene poyamba ndinachiona ngati chokongoletsa chabe koma chinadzakhala chofunika kuposa zonse mvula itayamba. Denga linali lata limodzi lopendekera kumbuyo. Mtengo wake, pamodzi ndi wa mnyamata wa njinga amene anakabweretsa, sunapitirire wa matumba awiri a simenti pa nthawiyo, ndipo ndinauona kuti ndi woyenera. Chimodzi chokha ndinakana: iwo ankafuna kupaka matabwa onse oyilo wakuda wochotsedwa mu injini, monga amachitira ndi mapaso a denga pofuna kuthamangitsa chiswe. Ndinawauza kuti, "Bambo, galuyu amanyambita chilichonse chimene wagonera, pakani vanishi basi," ndipo anamvera, ngakhale anandichenjeza kuti chiswe sichiopa vanishi.

Masabata oyamba zonse zinkaoneka kuti zayenda. Fifi analira masiku atatu kenako n'kuzolowera, ndipo bambo a kunyumba ankayenda monyadira ngati munthu amene wapambana mlandu kwa amfumu. Vuto linaonekera mu Juni, chiperoni chitafika. Amene anakhalapo ku Zomba akudziwa mmene nyengoyi imakhalira: mtambo umatsika kuchokera kuphiri, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, kamvula kowaza kamagwa masiku awiri kapena atatu osaleka, ndipo usiku kuzizira kumafika pafupifupi madigiri 10, mphepo ikulowa paliponse pamene pali mpata. M'bandakucha wina ndinamva kukanda pa chitseko cha kukhitchini, ndipo nditatsegula ndinapeza Fifi atanyowa msana, makutu ali zii ngati mwala wa mumtsinje wa Mulunguzi, thupi lonse likunjenjemera moti ngakhale nditamukulunga m'chitenje anatha pafupifupi theka la ola asanakhazikike.

Kutacha ndinalowetsa mutu m'kanyumbamo kuti ndione chimene chinalakwika, ndipo zolakwika zinali zoonekeratu. Paini anali asanaumitsitse pamene ankakhomedwa, choncho atauma matabwa anafota n'kusiya ming'alu yoti chala chaching'ono n'kulowa. Khomo linali pakati penipeni, lalikulu loti galu wa kumudzi n'kulowa ali chiimire, motero mphepo inkawomba molunjika pa malo ogona. Lata nalo linkachita thukuta usiku, madontho n'kumagwera pa bulangeti. Koma cholakwika chachikulu chinali changa, chifukwa ndine amene ndinapempha kuti kanyumbako kakhale kotakasuka poganiza kuti ndikumuchitira Fifi chifundo. Kanyumba ka galu kalibe moto. Chimene chimafunditsa mkati mwake ndi thupi la galu mwini wake, ndipo kagalu ka makilogalamu 4 sikangafunditse chipinda choyenera galu wa makilogalamu 20.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya tiagalu tating'ono. Thupi la galu wathanzi limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu, ndipo kutenthako kumatuluka kudzera pakhungu. Nyama ikakhala yaing'ono, khungu lake limakhala lalikulu poyerekeza ndi mnofu umene ukupanga kutenthako, n'chifukwa chake kapu ya tiyi imazizira msanga pamene mphika wa phala ukadali wotentha. Ubweya wautali wa Fifi umanyenga maso, pakuti agalu a mtundu wake alibe ubweya wachiwiri wothithikana wa pansi umene umasunga kutentha, ndipo ubweya wotere ukanyowa umamatirira pakhungu n'kuwonjezera kuzizira m'malo moteteza. Kwa ana agalu a mitundu ing'onoing'ono ngoziyo ndi yokulirapo, chifukwa kunjenjemera kumadya shuga wa m'magazi mofulumira ndipo kamwana kotere kangathe kufooka mpaka kukomoka usiku umodzi wokha. Galu wokalamba kapena wodwala nayenso sapirira.

Ndinabwerera kwa amisiri aja ndili ndi mawu okonzeka, koma sanandipatse mpata wokalipa. Anabwera okha madzulo a tsiku lomwelo ndi thumba la zipangizo, anatseka ming'alu ndi timatabwa topyapyala, anaika siling'i ya pulayiwudi pansi pa lata, anachepetsa khomo n'kulisunthira kumbali kuti galu azikhala ndi ngodya yobisalira mphepo, kenako anagawa mkati ndi thabwa kuti pogona pachepe. Pakhomo tinapachikapo chiguduli chokhuthala. Anandilipiritsa za pulayiwudi ndi misomali zokha. Pa ichi ndikuwayamikira kwambiri, chifukwa amisiri ambiri ndalama ikangolowa m'thumba foni yawo imasiya kupezeka. Kanyumbako kanasinthadi, ndipo amene akufuna kukhometsa kotere ndingamulangize kuti zinthu zimenezi azinene pa tsiku loyamba, atayeza galu wake: mkati mukhale mongokwanira kuti galu aimirire, atembenuke ndi kugona atatambasula miyendo.

Mu Okutobala lata lija linaonetsa khalidwe lake lina. Ngakhale panali siling'i, masana mkati munkatentha ngati uvuni wa masikono, ndipo tinachita kukanyamula n'kukaika pamthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, choncho mthunzi ndi madzi akumwa si zinthu zochita kukambirana.

Dzinja ndi limene linathetsa mkangano. Miyendo ija inagwira ntchito yake, madzi oyenderera kuchokera kumtunda ankadutsa pansi osakhudza pogona, ndipo denga silinadonthe ngakhale tsiku limodzi. Komabe mu Januwale ndinapeza timatuza tisanu pamimba pa Fifi, kalikonse kali ndi kabowo pakati, ndipo nditapaka Vaseline n'kufinya pang'onopang'ono munatuluka mphutsi zoyera zonenepa. Ndi ntchentche ija imene imatichititsa kusita zovala zonse, ngakhale matewera ndi zamkati, tikaziyanika panja nthawi ya mvula. Imaikira mazira pa dothi la pamthunzi limene pakodzedwa kapena pa nsalu yachinyezi, ndipo timphutsi tikaswa timaboola khungu la nyama imene yagonapo n'kukulira momwemo kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Bulangeti la Fifi, limene ndinkaliyanika pa udzu osalisita, linali ngati ndaitana ntchentcheyo ndi kalata. Nkhupakupa nazo zinachuluka m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo izi si zongoyabwa chabe, chifukwa zimafalitsa matenda a m'magazi amene amachititsa galu kutentha thupi, kukana chakudya ndi kuyera nkhama. 

Usiku umene sindidzauiwala ndi wa linthumbu. Linatulukira ku mpanda wa maluwa cha m'ma 11 koloko, mzere wakuda wonenepa ngati chingwe, n'kukwera miyendo ya kanyumbako. Mwayi wake kanyumbaka kalibe chitseko chotseka, motero Fifi anathawira pakhonde akulira ndi kudzigudubuza, ndipo tinakhala pansi ndi tochi ine ndi mwana wanga wamkazi tikuzula nyererezo imodziimodzi mu ubweya wake, zina mitu itatsalira pakhungu. Amene amaweta nkhuku kapena akalulu akudziwa zimene linthumbu limachita ndi chiweto chotsekeredwa. Fifi akanakhala womangidwa pa tcheni, kapena tikanavomera chitseko cha loko chimene amisiri anatiuza kuti angathe kuwonjezera, sindikhulupirira kuti tikanamupeza wamoyo. Kuyambira pamenepo timathira phulusa kuzungulira miyendo yonse inayi, koma mvula ikagwa phulusalo limapita.

Palinso zimene thabwa lililonse silingatchinge. Mpanda wathu ndi wa maluwa, ndipo agalu oyendayenda amalowa usiku kufunafuna zotsala kudzala. Chiwewe m'dziko muno chilipo ndithu, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies, limene linayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015, linafikanso kuno ku Zomba. Fifi amabayitsa chaka chilichonse, koma katemera sateteza ku mano, ndipo galu wamkulu akagwira kagalu kotere pakhosi n'kukapukusa kamodzi nkhani yatha. Anthu akuba nawonso amadziwa kuti kagalu kaubweya kali ndi msika, ndipo Fifi, amene amagwedezera mchira aliyense womuitana, angathe kunyamulidwa m'chikwama popanda ngakhale kuuwa. Ndimaseka ndikakumbukira kuti bambo a kunyumba ankati akagona panja azitithandiza kulondera.

Kanyumbaka nkabwino, ndipo kwa galu wa kumudzi wamkulu bwino, wa ubweya wake wozolowera nyengo yathu, wobayitsa katemera ndiponso wokhala mu mpanda wa njerwa, ndingauze munthu kuti agule mosakayika, bola aonetsetse kuti paini ndi wouma ndipo siling'i ilipo. Alamu anga a ku Matawale atakaona anakakhometsa kofanana nako, kokulirapo, ndipo galu wawo Simba amagonamo chaka chonse popanda vuto. Kwa kagalu kakang'ono koweteredwa m'nyumba, kanyumbaka ndi ka masana okha, pobisalira dzuwa ndi mvula pamene eni ake apita kuntchito. Usiku sikakwanira, ndipo kulephera kwake si kwa amisiri.

Fifi tsopano amagona m'dengu lakale la zovala pa kakhonde ka mkati pafupi ndi khitchini, pa bulangeti limene ndimachapa ndi kusita Loweruka lililonse. Pa mpando wa pabalaza saloledwabe, ndipo pamenepo ndinagonja ndine. Amene amadzuka 5 koloko m'mawa kukamutsegulira chitseko kuti akadzithandize panja ndi bambo a kunyumba omwe aja, ndipo sabata yatha ndinawapeza atagwada kuseri kwa nyumba akugogoda mwendo wakumbuyo wa kanyumbako ndi chala, pamene chiswe chayamba kumata dothi lake monga amisiri ananenera.