Swichi, sensa ya inductive kapena index: homing yodalirika pa CNC ndi iti?

Anzanga amene muli ndi makina a CNC, odula motsogozedwa ndi kompyuta, kaya rauta kapena milling, nkhani ya homing, yomwe ndi kupeza home kapena kuti malo oyambira a makina, tiikambe bwinobwino chifukwa kwathu kuno magetsi amathima ntchito ili pakati, akamabwera makina amakhala ataiwala pomwe anali. Ine zinandionekera pa chikwangwani cha mlombwa, nditagoba theka la zilembo magetsi anathima, atabwera ndinapanga home nkupitiriza koma pokumana zilembo zakale ndi zatsopano panatsala kamzere koti chikhadabo chimakodwa. Thabwa lodula lija linaonongeka choncho.

Tiyambe ndi swichi wamba, ka microswitch kaja. Anthu amakanyoza koma kalibe mlandu kwenikweni, vuto ndi kamkono kachitsulo kokhala ndi kagudumu kaja, kamapindika pang'onopang'ono ndiye lero kadina apa mawa kadina apo. Chotsani kamkonoko, chitsulo cha makina chizigunda batani lenilenilo molunjika, ndipo swichiyo imangidwe ndi mabawuti awiri pa bulaketi yosagwedera, osati pa kachidutswa ka lata kopyapyala kapena ndi guluu. Mawaya lumikizani NC (normally closed, magetsi amadutsa swichi isanadinidwe), kuti waya akaduka makina aziona ngati swichi yadinidwa nkuima, kusiyana ndi NO (normally open, magetsi amadutsa pokhapokha yadinidwa) yomwe waya akaduka simudziwa mpaka gantry, mtanda woyenda wa makina uja, itakamenya kumapeto. NC imapiriranso bwino phokoso lamagetsi lochokera ku VFD, bokosi loyendetsa spindle, mota yozunguza chodulira. Pa rauta yogoba matabwa ine ndimaima apa, utuchi siuisokoneza ndipo ikafa kusintha nkosavuta.

Sensa ya inductive, monga LJ12A3-4-Z/BX yomwe ili ponseponse, imamva chitsulo patali mamilimita 4 osakhudza, ndiye palibe chimatha kapena kupindika, madzi oziziritsira ndi mafuta siziiopsa. Koma ili ndi zake. Imafuna mphamvu ya 6 mpaka 36V pomwe bolodi ya Arduino yokhala ndi GRBL, pulogalamu yoyendetsa makina, ndi ya 5V, ndiye pakati pake ikani optocoupler, kachipangizo kolekanitsa magetsi a mbali ziwirizi, musaotche bolodi. Ya BX ndi NO, ngati mukufuna NC gulani ya AX. Mamilimita 4 aja ndi pa chitsulo cha steel, pa aluminiyamu mtunda umatsika kupitirira theka. Ndiye chondidetsa nkhawa kwambiri ndi tizidutswa ta chitsulo, kamodzi kokha kakakhala pankhope pa sensa home yasuntha kale inu osadziwa, komanso kutentha kukasintha malo omwe imamvera amasunthako pang'ono. Pa makina odula zitsulo ndi yabwino pokhapokha mwaibisa pomwe tizidutswa sitifika.

Zija za sensorless, zopanda swichi kapena sensa, zogwiritsa StallGuard ya draiva ya mota ya TMC2209 kuti mota ikagunda kumapeto draiva izindikire, nzabwino pa 3D printer. Pa makina olemera a ball screw sindingakulimbikitseni. Sensa ya optical, yogwiritsa kuwala, nayo utuchi umaitseka maso.

Tsono chimene ambiri sitichita, kaya swichi ndi yamtundu wanji, ndi liwiro lobwerera kachiwiri. GRBL imathamangira swichi pa liwiro lomwe lili mu setingi $25, kubwerera mmbuyo, kenako nkuyandikiranso pang'onopang'ono pa $24, ndipo home yeniyeni imagwidwa pa ulendo wachiwiriwu. $25 imabwera ili 500 ndipo $24 ili 25 mm pa mphindi. Ena amakweza $24 ati homing ikuchedwa, apo mwadzipweteka nokha, kwezani $25 ngati mwafulumira koma $24 isiyeni pansi. $27, mtunda wobwerera mmbuyo, nayo ikhale yokwanira kuti swichi imasuke, 1 mm ikachepa onjezerani. Ku LinuxCNC, pulogalamu ina yoyendetsa makina, ndi zomwezi, HOME_SEARCH_VEL ndi HOME_LATCH_VEL.

Amene muli ndi ma servo kapena mota za encoder, index ndiye mfumu, palibe swichi ingafikepo. Encoder, kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa mota, imatulutsa chizindikiro chimodzi chapadera chotchedwa index pa kuzungulira kulikonse, ndiye swichi ntchito yake nkungouza makina kuti wafika m'dera lake, home yeniyeni imatengedwa pa index yotsatira. Mu LinuxCNC ndi HOME_USE_INDEX = YES. Msampha wake ulipo umodzi ndipo umapweteka, swichi ikamadina pafupi kwambiri ndi pomwe index imadutsa, tsiku lina makina agwira index iyi tsiku lina yotsatira, pa screw ya 1605, yomwe imasuntha mamilimita 5 pa kuzungulira kumodzi, ndiye kuti mwaphonya ndi mamilimita 5 athunthu, osati pang'ono ayi. Sunthani swichi kapena masulani coupling, cholumikizira mota ndi screw, mutembenuze mota kuti index izibwera patatha theka la kuzungulira.

Musanakhulupirire njira iliyonse mwa izi, mangani dial indicator, choyezera chokhala ndi singano, pa tebulo, pangani home, tumizani makina pamalo amodzi pomwe akankhe singano, lembani nambala. Bwerezani ka 10 makina ali ozizira, kenako kanso ka 10 atagwira ntchito ola lathunthu spindle ikuzungulira.