Tamiya, Airfix kapena Matchbox: bokosi lakale liti loyenera kuitanitsa?

Wachibale akamabwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK, funso la ife omanga zidole zankhondo muno mu Blantyre limakhala lomwelija: atitengere bokosi liti? Mwa mabokosi akale, makampani olimbirana ndi atatu: Tamiya wa 1/35, Airfix wa 1/76 ndi Matchbox wa 1/76 (manambalawa ndi sikelo: chidole cha 1/35 n'chochepa maulendo 35 poyerekeza ndi chinthu chenicheni).

Pa nkhani ya malo, ang'onoang'onowa apambana. Msilikali wa 1/76 sapitirira mamilimita 25, ndiye bwalo lonse la nkhondo limakwana pa kathabwa konga pepala la A4. Wa 1/35 amafika cha m'ma 50, moti kasinja mmodzi ndi asilikali asanu, thabwa ladzaza kale. Matchbox ya m'ma 1970 inkaikamonso kabwalo kakekake m'bokosi momwemo, kamsewu kapena kakhoma kogumuka, ndipo kwa woyamba kumene ndi chithandizo chachikulu.

Koma pali chimene ogulitsa sanena. Asilikali a Airfix ang'onoang'ono aja ndi a pulasitiki yofewa, polythene. Guluu wa ma model sagwira pamenepo, penti nayonso imangokhala pamwamba. Mupenta mfuti bwinobwino, mawa mwaikhudza pang'ono, yapindika, penti n'kusendeka ngati khungu la mtedza. Mizere ya chikombole siipalika ndi sandipepa, imangochita ubweya. Pamafunika lezala latsopano.

Mankhwala ake alipo, kungoti amadya nthawi ndi ndalama. Atsukeni ndi sopo wotsukira mbale, aume usiku wonse. Pakani guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi theka ndi theka, kenako penti, pomaliza vanishi. Vanishiyo musamupake tsiku la chiperoni, chifukwa chinyezi chimamuyeretsa ngati wathiridwa ufa. Mukawerengera zonsezi, bokosi lotchipa lija silinatchipenso. Chimene ndimawakhululukira n'chakuti asilikali a Airfix a Australia, a zipewa zotambalala, amasandulika mosavuta kukhala a King's African Rifles, asilikali a ku Africa a boma la Britain, amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, gulu lomwe chipilala chake chili ku Zomba.

Tamiya ndi pulasitiki yolimba: imamatika, imapalika, imagwira penti. Nayo ili ndi zilema. Akasinja ambiri a m'ma 1970 anapangidwa kuti aziyendera mabatire, choncho kunsi kuli mabowo ofunika kutseka ndi kapulasitiki ndi putty (phala lotsekera mipata). Malamba a mawilo ndi a vinyl, amalumikizidwa ndi nsonga ya sikuludilaiva yotenthetsa, ndipo akakalamba amauma n'kuthyoka. Funsani chithunzi cha malambawo musanalipire.

Ma decal (tizizindikiro tonyika m'madzi n'kumata pa chidole) akale onse ndi amodzi: amachita chikasu, amasweka m'madzi. Amatireni pa windo milungu iwiri dzuwa liwayeretse, muwapake vanishi wopyapyala musanawanyike.

Dothi lopangira bwalo la nkhondo ndiye musaitanitse. Lathu lofiirali lisefeni, muliwotche pa chiwaya kuti tizilombo tife, ndipo udzu mudule ku chingwe cha khonje. Plywood ya bwalolo ipakeni vanishi mbali zonse, apo ayi guluu wamadzi womatira dothi aipinda.

Ine voti yanga ili kwa Tamiya, ngakhale bokosi lake limadya malo m'chikwama cha mlendo. Wa ndalama zochepa atenge kasinja wa Matchbox, asilikali ofewawo adzawayese dzanja likazolowera.