ThinkPad T480 yakaunjika: kompyuta yanga yachisanu

Mnyamata wa mushopu ija ankandiyang'ana ngati ndikusankha mbuzi ya chinkhoswe. Laputopu ndinali nditaigoneka chafufumimba pakauntala, ndikuona ngati timisomali tapansi tinapotedwapo, kenako ndinaitembenuza n'kuyamba kudina mabatani onse a pakiyibodi, limodzilimodzi, kuyambira Esc mpaka kumapeto.

"Madala, imeneyo ndi ex-UK, ilibe vuto. Mukungochedwa nayo," anatero.

Ndinangomupempha mpando. Linali Loweruka m'mwezi wa Malichi 2024, m'kashopu kena kapamwamba ku Limbe, ndipo ndalama zomwe ndinanyamula zinali za miyezi 6 yolemba mabuku a ndalama a magolosale atatu ndi tchalitchi chimodzi. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala wapitawo, moti mitengo ya makompyuta sankailembanso pakapepala, ankangoitchula pakamwa atayang'ana kaye nsapato zako. Mnyamatayo sankadziwa kuti iyi inali kompyuta yanga yachisanu, ndipo kuti zinayi zoyambazo, iliyonse inandisiyira chipsera chake.

Yoyamba ndinaipeza mu 2003. Bungwe lina komwe amalume ankagwira ntchito yoyendetsa galimoto linkagulitsa katundu wakale, iwo n'kunditengera Pentium III ya Windows 98, bokosi loyera lomwe linali litayamba kusanduka lachikasu ngati mano a wosuta fodya. Sikirini yake inali ija ya chimsana, yolemera kuposa thumba la ufa. Tinaikankha pawilibala kuchokera pasiteji mpaka kunyumba ku Ndirande, ana akutitsatira pambuyo kumafuula kuti tagula TV. Amayi anaiphimba ndi kansalu koluka kamene ankaphimbira wailesi, ndipo analamula kuti aliyense azisamba m'manja asanaigwire.

Kompyuta imeneyo ndi yomwe inandipatsa ntchito imene ndikudyera mpaka lero. Ndinkalembera anthu makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapologalamu a maliro, ndipo zonse ndinkasunga pamadisiketi omwe ankakhala m'chitini cha mabisiketi. Disiketi imodzi inkalowa 1.44MB basi. Lero chithunzi chimodzi cha pafoni sichingakwanemo, koma nthawi imeneyo munkalowa ma CV a mpingo wonse. Pulinta ndinalibe, ndiye ndinkakwera minibasi ndi disiketi m'thumba la malaya kupita kutauni, mtima uli m'mwamba, chifukwa nthawi zina ukafika kumeneko kompyuta yawo inkangoti disiketiyi ikufunika kufufutidwa yonse. Kompyuta yangayo inafa mu dzinja la 2006. Mphenzi inang'anima, panamveka kuti phwa! kuseri kwa bokosi, n'kutuluka kafungo ka pulasitiki wopsa. Kolakwa ndinali ine ndemwe, ndinali nditaisiya pasoketi mvula ikugwa.

Yachiwiri anandilumikizira mnzanga wina pogula zipangizo apa ndi apo: Pentium 4, Windows XP, ndi chowotchera ma CD. Makwaya a ku Ndirande ndi ku Chilomoni ankabwera ndi nyimbo zawo, ine n'kumawotcha ndi Nero usiku wonse, kwinaku ndikusewera kamasewera ka Pinball kaja podikira. Imeneyi inali nthawi ya mafulashi, ndipo pamodzi ndi mafulashi panabwera mavairasi. Munthu amachoka ku intaneti kafe ndi fulashi yake, ukangoilowetsa, mufoda iliyonse mwabadwa kafoda kena kabodza kotchedwa New Folder.exe. Ndinafika poika Windows mwatsopano katatu pachaka. Kutopa ndi zimenezi n'komwe kunandichititsa kuitanitsa CD ya Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, nthawi ija kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inkatumiza ma CD ulere papositi kulikonse padziko, mpaka pomwe inasiya mu 2011. Inafikadi m'bokosi la positi la tchalitchi, ndi timasitika tomwe. Abusa ataona dzinalo anati, "Si umunthu uwu?" Ndinaigwiritsa ntchito miyezi ingapo, koma makasitomala ankafuna zolemba zawo mu Word ndi Publisher, ndiye ndinabwerera.

Chimene Pentium 4 ija inandiphunzitsa kwenikweni ndi kuopa magetsi. Kompyuta ya patebulo ilibe chisoni: magetsi akangoti thii, nayo yati thii. Tsiku lina ndinkalemba lipoti la mtsikana wina wa kukoleji, masamba 40 olembedwa pamanja ndi zilembo zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ndili patsamba 31, mdima. Ndinali nditasunga komaliza patsamba 9. Mpaka lero chala changa chaching'ono chakumanzere chimapita chokha pa Ctrl, china pa S, ngakhale ndikulemba mzere umodzi. Ndinagula UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima, yomwe inkangolira piii, piii kwa mphindi 10, zokwanira kusunga ntchito ndi kutukwana pang'ono.

Yachitatu sindichedwapo. Kanali kanetibuku ka mainchesi 10 komwe ndinagula mu 2011, ka purosesa ya Atom ndi 1GB ya RAM (memori yogwirira ntchito), kokwana m'kachikwama konyamulira Baibulo. Kanali ndi Windows 7 Starter, ija yosalola ngakhale kusintha chithunzi chakumbuyo. Nako ndinalowa intaneti koyamba ndili pabedi panga, ndi dongo, kachipangizo ka intaneti kolowetsa pa USB, yomwe ndinagula Zain itangosintha kumene dzina kukhala Airtel. Zala zanga zinkapanikizana pakiyibodi yake ngati anthu a mpando wakumbuyo. Kanapita mu 2014 m'minibasi, pakati pa Limbe ndi Blantyre. Ndinatsika ndi chikwama chong'ambidwa pansi ndi lezala.

Yachinayi ndiyo inandipusitsa. Alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg mu 2015, yatsopano ya m'katoni, yaikulu, yonyezimira ngati galimoto ya ukwati. Dzina lake ndisalitchule. Chaka choyamba ndinkayenda nayo monyada. Kenako anafika mabulakauti a 2016 ndi 2017, madzi atatsika m'nyanja ndi mu Shire, ndipo batire lake linatha mphamvu mpaka kumangokhala mphindi 20. Pomwe chivundikiro chimapindikira panathyoka, ndinamanga ndi tepi yakuda. Inkatentha moti pantchafu sinkaikika, ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa. Pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, laputopu yangayo inali itasanduka ya patebulo, yosayaka popanda chingwe. Ndinkainyamula kupita kwa ometa tsitsi omwe anali ndi jenereta, n'kumalemba mabuku a ndalama a tchalitchi tsitsi la anthu likugwera pakiyibodi.

Ndiye pampando uja ku Limbe sindinkafuna kunyezimira. Ndinatsegula Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport. Lamulo limeneli limatulutsa tsamba loonetsa mphamvu yomwe batire linali nayo likuchoka kufakitale, ndi yomwe latsala nayo lero. Mnyamata uja anasiya foni yake n'kudzasuzumira paphewa panga.

"Mwapanga bwanji pamenepo, madala?"

Apa ndi pomwe T480 imasiyana ndi anzake. Ili ndi mabatire awiri: lina lili m'kati, la 24Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu ya batire), lina lakumbuyo lomwe umachotsa ndi zala pokankha tizitsekero tiwiri. Lakumbuyoli limapezeka la 24Wh, la 48Wh, ndi lalikulu la 72Wh. Ukhoza kulichotsa n'kuikapo lina kompyuta ili chiyakire, chifukwa lam'katilo limagwirizira. Lenovo anaipanga chonchi poganizira anthu a maofesi oyenda pandege, koma kunena zoona, zili ngati anakhalapo ku Bangwe mwezi wa Okutobala. Pa mndandanda wa T, iyi ya mu 2018 ndiyo yomaliza kukhala ndi batire lochotsa chotere, T490 yotsatira inabwera ndi la m'kati lokha. Tsamba lija linaonetsa kuti lam'kati latsala ndi mphamvu yopitirira theka pang'ono, lakumbuyo lili bwinoko. Ndinagwiritsa ntchito manambala omwewo ponenerera, ndipo mtengo unatsika.

Patatha miyezi iwiri ndinagula batire la 72Wh. Limatuluka pansi ngati chidendene cha nsapato ya amayi, laputopu n'kukhala yopendekera kutsogolo, zomwenso zimathandiza polemba ndi kuti mpweya uzilowa. Kulemera kumawonjezekera ndithu, paphewa umamva. Koma ndikamagwira Excel ndi Word, kuwala nditachepetsa, ndimachoka nayo m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osaona soketi, ndipo laling'ono lija limakhala m'chikwama ngati ndiwo za mawa.

Kiyibodi ndiye musandiyambe. Munthu amene walemba zaka zoposa 20 amadziwa kiyibodi ngati mmene mlimi amadziwira mpini wa khasu. Mabatani ake ndi olowa pakati pang'ono, chala chimakhazikika, ndipo ukadina amabwerera mokuyankha. Ndimalemba maola anayi zala osawawa. Kachinthu kofiira kali pakati pa G, H ndi B, kotchedwa TrackPoint, kanalipo kuyambira ma ThinkPad oyamba a IBM mu 1992, kampani ya Lenovo isanagule bizinesiyo mu 2005. Mwana wanga wamkazi amati ndi chofufutira cha pensulo. Ine ndinkakanyoza sabata yoyamba, lero mausi ili m'dirowa. Chimodzi chokha muchenjere nacho pa zochokera ku UK: @ ndi " zimakhala mosinthana poyerekeza ndi kiyibodi ya ku America, ndipo pa 3 pali £. Mukaona zilembo zikutuluka zosiyana ndi zomwe zajambulidwa pabatani, sikuti yawonongeka, sinthani chilankhulo cha kiyibodi mu Windows kuti chikhale cha United Kingdom.

Yanga ndi ya purosesa ya i5-8350U, inabwera ndi 8GB ya RAM ndi SSD, mosungira mafayilo, ya 256GB. Chivundikiro chapansi chimatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo timisomali take sitichoka pachivundikirocho, ndiye palibe zokwawa pansi pa tebulo kufunafuna kamene kagwa. M'kati muli malo awiri a RAM, osati yomatiriridwa ngati m'malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano. Ndinawonjezera 8GB ina ndekha patebulo lodyera, mayi a kunyumba akundiunikira ndi tochi ya foni, akuti, "Mukaiwononga musandiuze." Fumbi la m'chifanizo chozizira ndimapukuta ndi kamswachi kakale kawiri pachaka, makamaka ikatha nyengo ya mphepo. Malo olowetsa zingwe ndi okwanira: HDMI ya pulojekita ya kutchalitchi, USB ziwiri zazikulu, USB-C ziwiri, polowetsa memori khadi, ndi polowetsa chingwe cha intaneti cha muofesi. Imatchajidwa ndi USB-C, choncho chaja ikatayika suzungulira tauni yonse kufunafuna ya kamutu kofanana.

Pa chaja pomwepo ndi pomwe anandidyera. Yomwe anandipatsa mushopu inali yopepuka mokayikitsa, ndipo pasanathe mwezi inayamba kulira ngati nkhululu n'kumatentha. Nditabwerera, mnyamata uja anati chitsimikizo cha masiku 30 chinali cha laputopu yokha. Sindinalimbane naye, ndinakagula ina ya 65W kwina. Mukamagula, inyamuleni chaja m'manja muimve kulemera, ndipo mufunse poyera ngati ili m'gulu la zomwe angakubwezereni.

Pali zinanso zoti muyang'ane musanapereke ndalama. Si T480 iliyonse yomwe ili ndi sikirini yabwino: zina ndi za 1366x768, zomwe zimaoneka zotuwa ukangopendeketsa mutu, pomwe ya 1920x1080 ndiyo yoyenera munthu wa ma Excel. Zina zinatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7, nambala yake imayamba ndi 7 m'malo mwa 8, ndipo zimenezo sizili pa mndandanda wa zomwe Windows 11 imavomereza. Nkhani imeneyi yakula tsopano poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zinanso zilibe batire lam'kati, muli kapulasitiki chabe kotseka malo, ndiye mukachotsa lakumbuyo imazima pomwepo. Yesani pamaso pa wogulitsa. Muonenso kuti BIOS, pulogalamu yoyamba kuyaka Windows isanatseguke, ilibe pasiwedi ya kampani yomwe inkaigwiritsa ntchito kunjako, chifukwa imeneyo ndi yovuta kuchotsa. Ndipo ngati mukufuna ya mafilimu ndi magemu akuluakulu, iyi si yanu. Ndi yakuda bii, yosakongola, masipika ake ali pansi, anaipangira ntchito ya muofesi. Mwana wanga wamwamuna ataiona anati, "Adadi, mwagula ya agogo."

Lachiwiri lapitali magetsi anazima 5 koloko madzulo ndili pakati pa malipoti a kumapeto kwa mwezi. Ndinangomva firiji yasiya kulira. Cha m'ma 9 koloko batire lalikulu linatha, ndinapendeketsa laputopu, kukankha tizitsekero tija, kulowetsa laling'ono, manambala ali pompo pasikirini osagwedezeka. Yemwe ankati ndagula ya agogo uja anali atakokera mpando pafupi, akulemba homuweki ya masamu ndi kuwala kwake. Lam'kati lija tsopano latsika kufika pansi pa theka, ndipo ndawatumizira kale alamu nambala yake kuti akamabwera pa Khirisimasi andinyamulire lina.