Kubafa, ceramic kapena wax: zomwe boneti ya Sienta yanga inandiphunzitsa

Anzanga kuntchito akhala akundifunsa kuti ndimapaka chani pa galimoto, ena akufuna kukapanga ceramic, mankhwala aja opaka pa penti omwe akauma amakhala kagawo kolimba koteteza, poti ndi zomwe zatchuka, ndiye ndingoyankha kamodzi basi.

Ndiyambe ndi kubafa chifukwa ndi komwe ndinapsa. Mnyamata wina pa car wash ina ku Lilongwe kuno anandinyengerera kuti bwana tiibafe iwale ngati yangotsika kumene ku Dar, ine osaganiza n'komwe ndinavomera. Anatenga makina aja a rotary, padi yaubweya ndi compound, kaphala kopalira penti, n'kuyamba. Chomwe sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti penti ya galimoto ili ndi zigawo, pansi primer, kenako mtundu, pamwamba clear coat yomwe ndi yopyapyala kuposa pepala, ndipo kubafa kwenikweni n'kupala kagawo ka pamwambako kuti zokalika zisaoneke. Rotary imangozungulira malo amodzi ndiye imatenthetsa msanga, ndipo m'mphepete mwa boneti penti imakhala yochepa kale. Mnyamata uja anachedwapo pang'ono akucheza ndi mnzake, clear coat n'kupserera, kunatsala chipsera chotuwa ngati cha moto wa mbaula. Palibe polishi yomwe imabweza zimenezo abale. Ndinakapopetsa boneti yonse, ndipo siliva ndi mtundu wovuta, mpaka lero ikaima padzuwa boneti ndi fenda sizifanana, mkazi wanga amati sizikuoneka koma ine ndimaziona tsiku lililonse.

Ngati mukufunadi kubafa funsani kaye kuti makina awo ndi ati. A dual action, aja amati DA, amazungulira uku akugwedera, satentha penti msanga. Akakutulutsirani rotary munthu wake asali wopopera penti wodziwa ntchito, lizani galimoto muzipita.

Ceramic ndi yabwino, sindikukana, imatha kukhala zaka ziwiri kapena kuposa ndipo madzi amangotsetsereka. Koma mtengo womwe amakuuzani poyamba nthawi zambiri ndi wopaka wokha, mukafika ndiye amati penti iyambe yabafidwa chifukwa ceramic imatsekera zokalika zonse mkati, ndalama ina imeneyo. Komanso siiteteza ku miyala ya pa M1 kapena mwana wokala ndi kiyi. Ndiye taganizani, mwalipira zonsezo kenako Loweruka galimoto ikutsukidwa ndi sopo wa ufa, ndowa imodzi, kansanza koti kagwa pamchenga katatu. Ndalama zoponya m'madzi.

Wax wa carnauba, uja amachokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil, amawalitsa bwino makamaka galimoto yakuda, koma dzuwa la Okutobala ndi fumbi lathuli miyezi iwiri sakwanitsa bwino.

Ine ndinakhazikika pa sealant, mankhwala oteteza penti onga wax koma opangidwa ndi makemikolo, yopaka ndi manja. Kuwala kwake sikufika pa wax koma imandisunga pafupifupi miyezi isanu, ndimapaka mvula isanayambe ndi ikatha. Ndimatsuka ndekha pamthunzi, shampu ya galimoto, ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu ya microfibre. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mango ndimachotsa tsiku lomwelo chifukwa zikauma padzuwa zimadya penti ngakhale mwapaka chani. Makina pa Sienta yanga sadzafikanso, kaya DA kaya chani.