Jezi ya 23 kapena ya 3? Jordan ndi Iverson pa mulu wa kaunjika

Mwafika pa mulu wa kaunjika, mwapeza majezi awiri: yofiira ya Chicago Bulls yolembedwa 23, nambala ya Michael Jordan, ndi yakuda ya Philadelphia 76ers yolembedwa 3, nambala ya Allen Iverson. M'thumba muli ndalama ya imodzi yokha. Mutenga iti?

Wowerengera zikho asachedwe n'kuganiza. Michael Jordan anatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ku America, maulendo 6, kuyambira 1991 mpaka 1993, kenakonso 1996 mpaka 1998, ndipo fainolo iliyonse imene anafika anaipambana. Mu nyengo ya 1995-96, Bulls inapambana masewero 72 pa 82. Allen Iverson chikho alibe, ngakhale chimodzi. Pamenepa palibe mkangano.

Komatu chimene chimatisowa sichikhala zikho zokha ayi.

Jordan anali wamtali mamita 1.98, thupi lobadwira basiketibolo. Iverson anali wa mamita 1.83, kamunthu kowonda pakati pa zimphona. Ankagwetsedwa, kudzuka, n'kulowanso pomwepo. Mu 2001 anasankhidwa kukhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi, n'kuisenza timu yake mpaka pa fainolo. Kumeneko kunali Los Angeles Lakers ya Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, imene inali isanagonje sewero ngakhale limodzi m'ndime ya chipulula ya chaka chimenecho. Sewero loyamba, kwawo kwa Lakers komweko, Iverson anagoletsa mapointi 48, ndipo Tyronn Lue wa Lakers, amene ankamutchinga, atagwa pansi, anamudumpha ngati akuwoloka ngalande. Masewero anayi otsatira 76ers inagonja onse. Koma funsani anthu chimene amakumbukira pa fainolo imeneyo.

Kusiyana kwenikweni kunali kunja kwa bwalo. Jordan ankatuluka atavala suti ndi tayi, ngati bwana wa kampani, munthu amene makolo akanalola kuti chithunzi chake chikhale pabalaza. Iverson ankabwera ndi tsitsi loluka mizere, zojambula thupi lonse, mathalauza okhwefuka ndi matcheni m'khosi, ngati wangotsika pa siteji ya hip-hop. Mu 2005 mkulu wa NBA, David Stern, anaika lamulo loti osewera azivala zaulemu pobwera kumasewero, ndipo ambiri sanavutike kudziwa amene ankamunena.

Nthawi yakenso ndi imene imandigwira mtima. Iverson analowa NBA mu June 1996. Mu September chaka chomwecho katswiri wa hip-hop Tupac Shakur anawomberedwa ku Las Vegas. Pa 9 March 1997 katswiri winanso wa hip-hop, The Notorious B.I.G., anaphedwa ku Los Angeles. Patangopita masiku atatu, pa 12 March, mnyamata wachaka choyamba uja anaima pamaso pa Jordan, kugwedeza mpira uku, kuubweza uko, Jordan n'kutsala akugwira mphepo, mpira golo. Bulls inapambanabe tsiku limenelo, koma hip-hop, ili pamaliro, inali yapeza munthu wake pabwalo.

Ndisamuyeretse. Iverson ankaponya kwambiri n'kumaphonyanso kwambiri, ndipo iye ndi kochi Larry Brown sankamwerana madzi pa nkhani ya zokonzekera masewero. Mapeto ake anali omvetsa chisoni: kuyendayenda m'matimu a Denver, Detroit, Memphis, kubwerera pang'ono ku Philadelphia, mpaka ku Besiktas ya ku Turkey mu 2010. Jordan nayenso anatsirizira ku Washington Wizards, miyendo italema, ngakhale otsatira ake sakonda kuti tizizikumbutsa zimenezo.

Ngati mukufuna jezi yoti aliyense mu minibasi aizindikire, ngakhale amene sanawonerepo basiketibolo, tengani 23. Nike yakhala ikugulitsa dzina la Jordan kuyambira 1985, ndipo sabata yamawa mudzaipezanso pa mulu wina. Ine nditenga 3. Imapezeka patalipatali, ndipo amene adzakuimitseni panjira chifukwa cha iyo amakhala wa msinkhu wathu, uja ankabweza kaseti ndi bolopeni.