Eyiti, I'D, RIG kapena Clutch: chitsulo chotsikira pa chingwe chiyenerane ndi dzanja lochigwira

Anyamata amene angoyamba ntchito ya pamwamba amakonda kundifunsa kuti, "Achimwene, ndikapeza kangachepe ndigule chiti?" Amanena za chitsulo chotsikira, chija timakoleka pa hanesi (malamba ovala m'chiuno ndi m'ntchafu) n'kulowetsamo chingwe kuti titsetsereke bwinobwino kuchokera pa nsanja ya netiweki, pa khoma la nyumba yosanjikizana kapena m'thanki. Ine ndinayambira kutsuka magalasi ku Johannesburg, kenako ndinabwerera kumudzi kuno kudzakwera nsanja, ndipo zitsulo zinayi izi, eyiti, I'D, RIG ndi Clutch, zonse zadutsa m'manja mwanga. Ndisanatchule dzina la chitsulo ndimayamba ndawafunsa kuti, kodi tsiku limene mtima udzalumphe, dzanja lako n'kuchita zake, chitsulocho chidzatani?

Ndinaziona ndi maso tsiku lina tikuphunzitsa mnyamata wina kutsika pa khoma. Atangodutsa m'mphepete mwa denga, phazi linaterereka, bondo n'kugunda khoma. Munthu akadzidzimuka amafinya chimene chili m'manja, ndipo chimene chinali m'manja mwake chinali chogwirira cha chitsulo. Anachikoka mpaka kumapeto. Anali pa I'D, chitsulo chimene chimaima munthu akachikoka mwamantha, choncho chitsulocho chinaluma chingwe pomwepo, iye n'kutsala lendelende, maso ali tong'o, milomo ikunjenjemera. Tinamuuza kuti abweze chogwiriracho m'mbuyo, apume kaye, ayambirenso. Anatsika yekha mpaka pansi. Kuyambira tsiku limenelo zitsulo zotsikira ndimaziyeza ndi chithunzi chimenechi.

Tiyambe ndi eyiti, poti ndi imene ambiri amayamba kuiona, komanso ndi yotchipa kuposa zonse. Ndi kachitsulo kooneka ngati nambala 8, kopepuka, kopanda chilichonse choyenda mkati mwake choti n'kuwonongeka. Ubwino wake wathera pomwepo. Mabuleki a eyiti ndi dzanja lanu basi. Mukataya chingwe, kaya chifukwa mavu akulumani pakhosi (pa nsanja zathuzi mavu ndi osasowa), kaya chitsulo chagwa kumwamba n'kukukomolani, palibe chokuimitsani. Imapotanso chingwe, moti mukatsika kangapo chingwe chapansi chimakhala chitapiringizana. Podutsa m'mphepete mwa denga chingwe chimatha kukwera pamwamba pa eyitiyo n'kudzimanga mfundo yosamasuka munthu ali lende. N'chifukwa chake anapanga eyiti ya makutu yopulumutsira anthu. Ndipo mukafuna kugwira sipanala ndi manja onse awiri muyenera kuyamba mwaimanga, mfundo imene munthu wotopa amaiphonya mosavuta. Okwera mapiri ali ndi zifukwa zawo zoikondera. Pa ntchito ya tsiku lonse, ine sindilola munthu wanga kulendewera pa eyiti.

I'D ndi RIG zonse ndi za Petzl, kampani ya ku Crolles kufupi ndi Grenoble ku France, imene inayambira pa zida za anthu olowa m'mapanga. Poziona patali zimafanana: mumatsegula chivundikiro cha m'mbali chitsulocho chili chikolekere pa hanesi, kulowetsa chingwe mozungulira kachitsulo kofinya kamkati, kutseka, ndipo thupi lanu likalemera pa chingwe kachitsuloko kamachifinya. Kuti mutsike mumakoka chogwirira ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chingwe chotsalira chopita pansi. Zonse ziwiri, I'D S (mtundu wa I'D wa zingwe zocheperapo) ndi RIG, zimalandira chingwe cha mamilimita 10 mpaka 11.5, ndipo zopangidwa zaka zaposachedwapa zimadzitseka zokha mukangosiya chogwirira. Zonse zili ndi chizindikiro cha EN 12841 mtundu C, muyezo wa ku Ulaya wa zitsulo zotsikira pa ntchito.

Kusiyana kwake kuli pa zinthu ziwiri zimene I'D ili nazo koma RIG ilibe. Choyamba ndi chija chinapulumutsa mnyamata uja: mukakoka chogwirira mopitirira muyezo, I'D imaima. Chachiwiri ndi kadzino kamene kamaluma chingwe ngati mwachilowetsa chozondoka, kuti musangopita pansi ngati mwala. Kulowetsa chingwe chozondoka si cholakwa cha ophunzira okha. Chimachitikira munthu amene wagwira ntchito kuyambira m'mawa, dzuwa la Okutobala likumuwotcha m'khosi, akusintha chingwe kachisanu.

Koma I'D ili ndi zotopetsa zake, ndipo amene amaida sanama. Imalemera magalamu 600 pamene RIG ndi 400, ndiponso ndi yaikulu pamimba. Pamalo otsetsereka, pamene thupi lonse silikulemera pa chingwe, imangoimaima, iwe kukoka iyo kuluma. Chimodzimodzinso mukakhala pamwamba pa chingwe chachitali: kulemera kwa chingwe chapansicho kumagwira ngati buleki, mumakakamizika kukoka kwambiri, ndiye chitsulo chimayesa mwachita mantha. Munthu wochepa thupi amavutika nayo kuposa wojintcha. Muyenera kuphunzira kupeza kampata kakang'ono ka pakati pamene chingwe chimayenda mosalala, ndipo kuphunzira kumeneku kumatenga masiku.

RIG ndi yofewa m'dzanja. Imamvera msanga, siimaima mwachisawawa, ndipo pokwera pang'ono kubwerera m'mwamba chingwe chimadutsamo mosavuta. Amene amatsika kambirimbiri pa tsiku, monga otsuka magalasi, amaikonda pa chifukwa chomveka. Koma eni ake amanena poyera kuti anaipangira anthu odziwa kale ntchito. Mukakoka chogwirira mpaka kumapeto dzanja lina litataya chingwe, RIG sikufunsani kawiri. Ndiye ine ndimati munthu asaigwire asanathe nthawi yaitali pa I'D, mpaka dzanja lake la buleki litazolowera kusachoka pa chingwe ngakhale wina amuitane mwadzidzidzi. Pali mnzake wa I'D wochokera ku Wales, ISC D4, amenenso amaima munthu akakoka mwamantha. Amene akumupeza mosavuta asamuope, bola aphunzire mmene chogwirira chake chimayendera, poti n'chosiyana.

Tsopano nkhani yopulumutsa mnzako, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonsezi. Munthu akakomoka ali lende mu hanesi, magazi amadikha m'miyendo, ndipo ayenera kutsitsidwa msanga. Nsanja zathu zambiri zili pamwamba pa mapiri, kumene galimoto ya ozimitsa moto singafike nthawi yabwino. Wopulumutsa ndi iwe amene uli naye pamwambapo. Ukamukoleka kwa iwe, chitsulo chimodzi chimanyamula anthu awiri ndi zida zawo. I'D S analoleza mpaka makilogalamu 250 pa ntchito yopulumutsa, RIG mpaka 200. Amuna awiri ojintcha, aliyense ndi hanesi, nsapato, chisoti ndi zitsulo m'chiuno, 200 amaiyandikira mosavuta. Ndipo katundu akalemera chonchi chitsulo chimasintha khalidwe: kukhudza pang'ono chogwirira, chingwe chimathamanga. Mpofunika kudutsitsa chingwe cha buleki mu karabina (ngowe yachitsulo yotsekeka) ina yowonjezera kuti dzanja lipeze mphamvu. Ndikukumbukira ulendo wanga woyamba kutsika ndi mnzanga pa maphunziro: chingwe chinkatentha kudutsa m'golovesi, mutu wake uli pachifuwa panga, ine ndikukankha khoma ndi mapazi kuti asagunde. Popanda karabina ija sindikanachigwira. Palinso I'D L ya zingwe zonenepa za mamilimita 12.5 mpaka 13, ndi I'D EVAC imene chogwirira chake anachiika moyenera kutsitsa munthu chitsulo chili pomangirira pamwamba.

Clutch, yopangidwa ndi kampani ya CMC mogwirizana ndi ya Harken, onse a ku America, ndi nyama ina. Mkati mwake muli kagudumu kozungulira mbali imodzi yokha, kolira kuti ke-ke-ke pamene mukukoka. Potsitsa imagwira ngati chotsikira, ndipo nayonso imaima mukakoka mwamantha. Pokweza imasanduka pule (kagudumu kokwezera zinthu) yogwira katundu kuti asabwerere. Apa ndi pamene imasiyira I'D kutali. Yesani kukweza munthu kuchokera m'thanki kapena m'dzenje chingwe chikudutsa mu I'D, mumva mphamvu zanu zambiri zikuthera m'chitsulomo chifukwa chingwe chimakhula pa kachitsulo kosazungulira. Pa Clutch mumakoka mopepukirapo, ndipo kusintha kuchoka pa kukweza kupita pa kutsitsa sikufuna kumasula kanthu. Kuipa kwake: imalemera kuposa magalamu 800, mtengo wake ndi wowawa, ndipo yaing'onoyo imalandira chingwe cha mamilimita 10.5 mpaka 11 chokha. Ndi chitsulo choti kampani igulire gulu lopulumutsa, osati mnyamata wongoyamba adzigulire yekha. Petzl nayo ili ndi MAESTRO ya ntchito yofananayo.

Pali zina zimene sizisintha kaya mwasankha chiti. Chingwe chikhale cha ntchitoyi, chosatamuka kwambiri, cha muyezo wa EN 1891 mtundu A, ndipo kunenepa kwake kugwirizane ndi manambala olembedwa pa chitsulo. Chingwe cha nayiloni cha mu hadiweya n'chomangira katundu pa lole. Chingwe chatsopano chimaterera, chonyowa chimasintha mayendedwe, ndipo chodzaza fumbi la m'chilimwe chimadya chitsulo ngati tupa, choncho muzitsegula n'kuyang'ana ngati kachitsulo kofinya kayamba kukumbika. Kumapeto kwa chingwe kukhale mfundo nthawi zonse. Musathamange kupitirira mamita 2 pa sekondi. Chitsulo chimatentha, ndipo mukaima nacho chotentha chimawaula chingwe. Musanamasule kachingwe kokugwirani pa nsanja, khalirani chitsulocho, tsikani pang'ono, siyani chogwirira muone ngati chaluma. Zingwe za chisoti, ndevu zazitali, malaya olendewera, zonsezi chitsulo chimameza.

Ndipo pakhale chingwe chachiwiri. Bungwe la IRATA loyang'anira ntchito za pa chingwe, limene linayambira ku Britain pa ntchito za pa migodi ya mafuta ya m'nyanja, linakhazika ntchito yonseyi pa lamulo la zingwe ziwiri zomangidwa payekhapayekha: china chogwirira ntchito, china chodikira ngozi, chokhala ndi chitsulo chake monga ASAP chimene chimakutsatirani n'kuluma mukangothamanga. I'D ingakhale yanzeru bwanji, singathandize chingwe chikadulidwa ndi lata lakuthwa. Ndinagwirapo ganyu kwa bwana wina amene anati chingwe chachiwiri n'kutaya nthawi, poti chitsulo chathu "chimadzigwira chokha". Ndinamasula hanesi n'kubwerera kunyumba wopanda ndalama ya tsikulo, ndipo mpaka lero mtima wanga uli m'malo pa zimenezo. Ku IRATA komweko, kuti munthu achoke pa gawo loyamba la satifiketi kupita lachiwiri amafunika maola 1,000 olembedwa m'buku lake ndi chaka chathunthu, ndipo satifiketi imatha pakapita zaka zitatu. Chitsulo mungagule lero, koma maola amenewo sagulitsa.

Chenjezo lina ndi la zida za kaunjika. Jekete ya kaunjika ndi yabwino, koma chitsulo chotsikira chimene simukudziwa mbiri yake, kaya chinagwapo kuchokera pamwamba, kaya chinakhala m'mankhwala, musachikhulupirire. Zachinyengo ziliponso: mu 2011 a Petzl anachenjeza anthu za zida zabodza zokopera zawo, zooneka chimodzimodzi koma zothyoka msanga. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, onani nambala yake ya chitsulocho, sungani kabuku kake, ndipo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse munthu wodziwa achiunike n'kulemba.

Ndiye mukandifunsa kuti mugule chiti, ndikuti: ngati mwangoyamba, kapena chitsulocho chizigwiridwa ndi anthu osiyanasiyana pa gulu, kapena chikukhala m'chikwama chopulumutsira pa nsanja, tengani I'D ndipo pirirani kuimaima kwake. Ngati mwatha zaka pa chingwe ndipo mumatsika tsiku lonse, RIG ikupepukitsirani ntchito. Ngati gulu lanu limalowa m'mathanki ndi m'maenje kumene wovulala ayenera kukwezedwa, kakamizani abwana agule Clutch. Ine pa hanesi yanga pamakhala RIG masiku otsuka ndi kupenta, koma m'chikwama chofiira chimene timakwera nacho pa nsanja muli I'D yolowetsedwa kale chingwe, karabina yowonjezera ili pambali pake, ndipo mwezi uliwonse timachitsitsa n'kuyeserera kutsitsana, aliyense kawiri.